Feteleza Wochokera Kumwamba

"Ndikufunsani kachitatu tsopano. Thumba lija anamasula ndani?"

"Thumba liti? Pakhomo pano matumba ndi ambiri."

"Musandizunguze mutu, amake Thoko. Thumba la yuleya lili m'shedi, kuseri kwa wilibala. Ndinaligula losoka. Lero Madamu alipeza lili kukamwa yasa."

Maness anapitiriza kuchapa yunifolomu ya mwana wawo m'beseni, akufikisa pakolala pomwe panali patayera kale. Kenson, mwamuna wake, anakhala pa kireti pakhomo, kalata ili m'manja. Anali ataiwerenga kawiri pochokera ku ofesi, mtunda wosakwana mapazi makumi atatu, ndipo mawu ake sanasinthe.

"Kalatayo ikuti chiyani?" anafunsa Maness osatukula mutu.

"Ikuti ndapha maluwa. Anatapa dothi pamwamba pa phiri n'kukaliyeza, ndiye lapezeka lokhuta ngati la m'khola. Lero apezanso thumba lomasula m'shedi mwanga. Pakutha pa milungu iwiri ndikaonekere pamaso pa komiti."

Phiri lomwe ankanenalo kanali kaphiri chabe, kumtunda kwa tauni ya Isipingo, m'dziko la eni kutali ndi kwawo, kotchingidwa ndi waya. Kumunsi kwake kunali msewu waukulu wa malole opita kudoko, ndipo patsidya pa msewuwo panali mafakitale ndi machumuni awo. Pakaphiripo panali patatsala udzu wachilengedwe wa dziko lino, wopyapyala ndi wofiirira, ndi timaluwa tomwe anthu ophunzira ankabwera kudzatijambula atagwada. Kenson atangofika anatizindikira timaluwato: kwawo ku Dedza amakumba mizu yake n'kuphika chikande. Kuno ankatilondera ngati ana a mfumu.

Ntchito yake, kwa zaka zisanu ndi zinayi, inali yodabwitsa kwa mlimi: osalima, osathirira, osathira manyowa. Ankangozula udzu wachilendo, kutentha tchire m'nyengo yozizira, ndi kuzika kamtengo pambali pa duwa lililonse lomwe laphuka pa lupsa. Chaka choyamba anazika timitengo mazana anayi. Chaka chino tinali makumi atatu ndi kamodzi.

"Ndinatapako ndine," anatero Maness.

Kenson anapinda kalata ija pang'onopang'ono.

"Zitsekerero za botolo khumi ndi ziwiri, ndinawerenga. Ndinathira nkhwani wanga uja wa m'matayala, kuseri kwa thanki. Mwana wanu azingodya kabichi chaka chonse ngati ali kusukulu yogonera komweko?"

"Thumba lija ndi la amayi anga. Mukudziwa kuti lipita ndi a transipota mwezi uno kuti likafike mvula isanagwe. Mukudziwanso kuti mkati mwa waya muno saloleza kudzala ngakhale tsabola."

"Ndimati ndilisoka, ndinaiwala. Singano ija inathyoka."

"Nkhuyu zodya ana zinapota akulu."

"Ine si mwana, bambo a Thoko. Komanso zitsekerero khumi ndi ziwiri zingakhutitse phiri? Ngati yuleya wa kuno ndi wamphamvu choncho, titumize supuni imodzi, ikwanira mudzi wonse mpaka kwa amalume anu ku Linthipe."

Kenson anafuna kuseka koma maso ake anabwerera pa kalata ija. Maness anafinya yunifolomu, naikung'untha.

"Mawa ndikawauza Madamu kuti ndine."

"Mukawauze kuti atithamangitse tonse awiri? Inu mumakolopa mu ofesi mwawo. Chipinda chino ndi cha ntchito. Sukulu ya Thoko ili apa. Pakali pano ali pamoto ndi munthu mmodzi, inu mukufuna kuponyapo wachiwiri."

"Ndiye tingokhala?"

"Khalani chete, ndiganize."

Anaganiza mpaka dzuwa linapendeka, koma chomwe anapeza chinali mutu wopweteka basi. Mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kumsewu. Amati tsoka silinunkha, koma la kumeneko linkanunkha dizilo. M'chipinda Thoko anayamba kutsokomola monga ankachitira nthawi zonse mphepo ikatembenuka.

Lamulungu masana kunabwera Ernest, mchimwene wake wa Maness, yemwe ankatsuka malole pa depoti ya kumunsi kwa phiri. Pageti anapereka moni kwa mlonda m'Chizulu chonona, akuseka mokweza ngati wobadwira ku Umlazi. Atangolowa m'chipinda n'kutseka chitseko, lilime lake linabwerera kwawo.

"Alamu, ndamva kuti mwalemera. Akuti mukumwaza feteleza paudzu ngati mpunga wa paukwati."

"Nkhani zimathamanga."

"Achemwali anandiimbira akulira. Tiyeni mukandionetse munda wanuwo, mwina ndipemphe ganyu yokolola."

Anakwera phiri awiriwo. Kenson ankayenda patsogolo, akupatula udzu ndi ndodo. Mbali yoyang'ana kunyanja udzu unali wakale womwe uja, wofika m'mawondo, nthaka ikuoneka pakati pake, timitengo take titaima apo ndi apo. Atadutsa pamwamba n'kutsikira mbali ya kumsewu, udzu unasintha ngati alowa m'dimba la munthu wina. Unali wobiriwira bii, wonenepa, wofika m'chiuno, wopiringizana pansi moti phazi silinkaona dothi.

"Taonani ichi," anatero Kenson, akuloza ndi ndodo.

Ernest anawerama. "Bonongwe? Pamwamba pa phiri?"

"Inu munakulira kumudzi. Bonongwe amamera pati?"

"Pomwe panali khola. Kapena kudzala."

"Pano panakhalapo ng'ombe liti? Ndiye taonani mwala uwu. Ndikubwera unali ndi ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Lero wametedwa mpala. Mbali ya kunyanja ndere zilipo. Ngati ndine ndinathira, ndinathiranso pamwala?"

Ernest anaimirira, napukuta manja pa buluku. Kumunsi malole anali atandandana mpaka pomwe maso amalekezera, injini zili chilirire, akudikira kulowa kudoko. Pamwamba pawo panali kautsi kachikasu kosayenda.

"Chaka chatha kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Zanele," Kenson anapitiriza. "Ndinkamunyamulira makwerero. Anamangirira timachubu m'mitengo ndi timabotolo tolandira mvula, mwezi uliwonse n'kumabwera kudzasintha. Ndinamufunsa kuti mukutchera chiyani. Akuti baba, mu utsi wa malole ndi wa machumuni muli chakudya chomwe chija chili mu yuleya, amachitcha nayitulojeni. Chimakwera, kenako chimatsika ndi mvula, ndi nkhungu, ndi fumbi. Timaluwa iti tinazolowera njala. Dothi likakhuta, udzu waukulu umakula n'kutitsamwitsa."

"Feteleza wogwa kumwamba," anatero Ernest. "Waulere. Wopanda kuponi, wopanda mzere."

"Nanenso ndinaseka choncho. Ndinamuuza kuti mlongo, mukanatilozera mtambowo, tiukoke ndi chingwe mpaka ku Dedza."

"Amayi anu amagona masiku atatu pamzere kudikira thumba limodzi, kuno akugwera pa udzu wopanda mwini, n'kukhalanso mlandu. Mulungu ali ndi nthabwala, alamu."

"Ndikawauza a komiti zimenezi. Afunse Zanele."

Ernest anasiya kuseka. Anagwira phewa la Kenson n'kumutembenuzira kugeti, komwe kunali chikwangwani chachikulu chobiriwira. Panali chithunzi cha duwa, ndipo pansi pake dzina la fakitale yomwe inkathandiza malowo.

"Waya uyu anagula ndani? Malipiro anu amachokera kuti? Malole omwe ndimatsuka ine, theka lake amanyamula katundu wa anthu omwewa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, alamu. Mukaponya mwala muswa mkhate, ndipo madzi ake ndi omwe mukumwa inu."

"Ndiye ndivomere bodza?"

"Mupepese. Mabwana amakonda munthu wopepesa, amamva ngati ali m'tchalitchi. Mukati eish, Madamu, ndinalakwitsa, kwathu tikaona udzu wachikasu mtima umapweteka. Basi. Mukufuna kukasuma kuti? Pepala lanu lokhalira kuno la m'pasipoti linatha liti?"

Onse awiri ankadziwa kuti linatha liti.

"Mlendo ndi mame," anatero Ernest potsika. "Dzuwa likatuluka saumirira."

Lachitatu m'mawa Kenson ali mkati mozula udzu pafupi ndi timitengo take, anamva mapazi. Anali Madamu Moodley, omwe ankayang'anira malowo, mayi wochepa thupi wa imvi, atavala chipewa chansanza chomwe ankavala tsiku lomwe anamulemba ntchito. Anagwada pambali pa duwa limodzi, nalikhudza ndi nsonga ya chala. Kenson anali atawaonapo akulira chaka china moto utalowa nthawi yolakwika. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo n'zomwe zinkalemetsa nkhaniyi.

"Angati lero?" anafunsa m'Chingelezi.

"Makumi atatu ndi limodzi, Madamu. Awiri akufota."

"Loweruka la mawa lake la komiti kukubwera alendo ochokera kufakitale, ndi ojambula. Chaka chilichonse amajambula maluwa n'kuika pa kalendala yawo. Chaka chino ndiwaonetsa chiyani? Akufuna kudziwa chomwe chachitika, Kenson. Akufuna yankho lomwe lingakonzeke."

"Yankho lili ndi Zanele, Madamu."

Madamu anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Ntchito ya Zanele sinathe. Ndi ya mwana wasukulu, akuluakulu ake sanaivomereze."

Anatulutsa pepala m'thumba la malaya, nalitambasula pabondo.

"Ndalemba ndekha, mofatsa. Likungonena kuti unathira feteleza ndi mtima wabwino, posadziwa, monga mumachitira kwanu. Ukasaina, ndikakupepesera kwa a komiti. Adzakupatsa chenjezo lomaliza, ntchito ikhalapo, chipinda chikhalapo. Sindikufuna kukutaya. Palibe wina amene amadziwa phiri lino ngati iwe."

"Monga timachitira kwathu," anabwereza Kenson.

"Ndi mawu chabe."

"Madamu, munayamba mwaonapo munthu wakwathu akuthira feteleza?"

"Kenson, ndatopa. Tenga pepalali, ukaganize. Thumba linapezeka lomasula, ndipo sunandiuze kuti analimasula ndani. Sindikufunsanso, chifukwa matayala aja kuseri kwa thanki ndinawaona kale."

Anaimirira movutikira, atagwira bondo, natsika phiri osacheuka. Kenson anatsala ndi pepala m'dzanja limodzi, muzu wa udzu m'dzanja lina. Anamvetsa bwino lomwe: mayiwo sanamuopseze, anangomuonetsa pomwe pali mbuna.

Pepala lija linakhala pawindo sabata yathunthu, litapanikizidwa ndi botolo la mankhwala a chifuwa a Thoko. Palibe ankalikhudza, koma aliyense wolowa m'chipinda ankayamba kuyang'ana pomwepo. Maness anazula nkhwani wake wonse tsiku limodzi, naphika wina, wina nagawira mkazi wa mlonda. Matayala anawagubuduzira kudzala.

Lachinayi, tsiku loti mawa lake ndi komiti, Maness anabwera kuchokera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro, nakhala pabedi osavula epuloni.

"Ndaliona," anatero.

"Chiyani?"

"Buku la mtsikana uja. Lili m'dilowa ya pansi, pansi pa makalendala akale. Ndimapukuta fumbi, dilowa inatseguka."

"Inatseguka yokha."

"Mukufuna kumva kapena mukufuna kundiweruza? Chingelezi chake n'chovuta, koma muli chithunzi cha phiri lino, achijambula kuchokera kumwamba. Mbali ya kunyanja apaka mtundu wachikasu. Mbali ya kumsewu apaka wofiira ngati magazi. Patsamba loyamba Madamu analembapo ndi bolopeni tsiku lomwe analandira. Mwezi wa Malichi."

"Malichi," anatero Kenson. Thumba analigula mu Sepitembala.

"Ndiye akudziwa, bambo a Thoko. Akudziwa kuyambira kale."

Kenson anayang'ana pepala la pawindo. Kwa sabata yonse ankadzinamiza kuti mwina Madamu akukayika ndithu, kuti mwina akafotokoza bwino amvetsa. Tsopano mwambi unali utamasuka, ndipo yankho lake silinamuthandize kanthu. Ankayesa kuti funso n'lakuti anathira fetelezayo ndani. Funso lenileni linali lakuti, mwa onse okhudzidwa, wotchipa kumuchotsa ndani.

"Sainani," anatero Maness mwakachetechete.

"Mwangondiuza kumene kuti akunama."

"N'chifukwa chake ndikuti sainani. Munthu wolakwitsa umamuwongola. Munthu wodziwa ungamuuze chiyani? Ine ndatopa kusamuka. Ku Mayville tinagona asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Chaka chija anthu akuthamangitsa alendo kumunsi kuno, munaiwala momwe tinathawira, ine ndili ndi pakati? Pano pali waya, pali mlonda. Dzina lanu pa pepala n'chiyani? Anthu ake sadziwa n'kulitchula komwe."

"Ndikasaina, chaka chino ndapulumuka. Chaka chamawa maluwa adzakhala khumi. Adzati wathiranso, ndipo pepala lidzakhala lili m'manja mwawo, ndi dzina langa."

"Chaka chamawa n'chaka chamawa. Thoko adzakhala atamaliza giredi ina."

"Atate anga anamwalira osaonapo matumba awiri a feteleza pakhomo pawo nthawi imodzi. Ine ndikalembe kuti ndinamwaza yuleya pa udzu?"

"Atate anu sadzawerenga."

Maness anaimirira, namanga bwino epuloni.

"Chitani zomwe mukuona. Koma mbewa ikakana kutuluka kuuna chifukwa cha ulemu, utsi sufunsa."

Lachisanu Kenson anavala malaya ake a kutchalitchi, naika pepala m'thumba losasainidwa, bolopeni pambali pake. Mpaka pakhomo pa shedi sankadziwa chomwe achite. Atawona thumba lija litatsamira khoma, kukamwa kuli yasa, analikweza pa wilibala n'kulikankha mpaka pakhonde la ofesi.

M'kati munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: Madamu Moodley, mkulu wina wopuma ntchito yemwe anali wapampando wa komiti, ndi bambo wachinyamata wa tayi wochokera kufakitale, yemwe foni yake inkangowala patebulo. Maness anali pakona, akuthira tiyi m'makapu, maso ali pansi.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa wapampando ataona wilibala ikulowa.

"Umboni wanu, bwana. Ndati ndikuthandizeni kunyamula."

Wapampando anawerenga mlandu. Anawerenga za dothi, za thumba, za maluwa mazana anayi omwe atsala makumi atatu ndi limodzi. Kenako anati akumva kuti pali pepala lomwe Kenson akufuna kupereka. Madamu anamuyang'ana, nagwedeza mutu pang'ono momulimbikitsa.

Kenson anapisa m'thumba. Chala chake chinakhudza pepala, chinakhudza bolopeni, kenako chinakhudza kanthu kena kozizira komwe anatola panjira. Anatulutsa chimenecho n'kuchiika patebulo: chitsekerero cha botolo.

"Papepala palembedwa kuti ndinathira monga timachitira kwathu," anatero m'Chingelezi chake chapang'onopang'ono. "Ndiye ndati ndikuonetseni momwe timachitira kwathu, kuti pepala likhale loona."

Anagwada pansi pa simenti. Anatapa yuleya ndi chitsekerero, nasalaza pamwamba ndi chala kuti pasapitirire ngakhale kambewu kamodzi.

"Umatenga kamtengo, n'kubowola apa, pambali pa phesi. Osati pafupi kwambiri, ungawotche. Umathira ichi, chimodzi. Umakwirira ndi chidendene kuti dzuwa lisabe. Ukatero wapita pa phando lina. Kambewu kakagwa pambali umakatola. Mwana akataya chitsekerero chimodzi, tsiku limenelo amadya mochedwa. Umu ndi momwe timachitira kwathu, bwana. Munthu wakwathu kumwaza yuleya pa udzu, ndiye kuti wapenga, ndipo abale ake amamumanga."

Anabwezera yuleya uja m'thumba mosamala, nagogoda chitsekerero kuti pasatsale kanthu.

"Thumba ili ndi la makilo makumi asanu. Pali sikelo m'shedi. Liyezeni. Chomwe chachokamo sichidzaza kapu ya tiyi yomwe mukumwerayo. Phiri ndi lalikulu ngati mabwalo a mpira asanu ndi limodzi. Maluwa anayamba kuchepa chaka changa chachitatu. Thumba ndagula mwezi watha."

"Nanga chomwe chachokamocho chinapita kuti?" anafunsa wapampando.

Pakona supuni inagunda kapu. Kenson sanacheuke.

"Ndinathira ndiwo zanga. Limenelo ndi tchimo langa, ndikulivomera. Ndiwozo tinadya."

Bambo wa tayi anamwetulira, natembenuza foni yake chafufumimba.

"Ndiye mukuvomera kuti munagwiritsa ntchito feteleza mkati mwa malo otetezedwa."

"M'matayala awiri, bwana."

"Lamulo silinena za kukula kwa tayala."

"Yebo, bwana. Koma ndili ndi pempho limodzi. M'dilowa ya pansi ya tebulo limenelo muli buku la Zanele, mtsikana wa ku yunivesite. Muli chithunzi cha phiri. Tiyeni tilitsegule, tione ngati mbali yofiira ili kumatayala anga kapena kumsewu ndi kumachumuni."

Palibe anayang'ana dilowayo, ndipo n'chifukwa chake Kenson anadziwa kuti onse atatu ankaidziwa. Madamu anatseka maso. Wapampando anakonza mapepala ake omwe anali okonzeka kale.

"Sitinabwere kudzaweruza mpweya," anatero bambo wa tayi mofatsa. "Kampani yathu imatsatira malamulo onse, ndipo yakhala bwenzi la phiri lino kwa zaka zambiri. Funso lina n'lakuti wantchito wa kumunda wadziwa bwanji zomwe zili m'dilowa ya mu ofesi."

Maness anaima ndi thireyi m'manja, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo.

"Ndinamuonetsa ndine," anatero Madamu Moodley, maso ali chitsekere. "Kalekale."

Linali bodza lawo lachiwiri mwezi umenewo, ndipo Kenson anaona kuti ili lokha ndi lomwe linawapepukira pakamwa.

Anamutulutsa panja kuti akambirane. Anakhala pakhonde, thumba ndi wilibala zitatsala m'kati, akuyang'ana malole akukwawa kumunsi. Kunayamba kuwaza mvula yamawawa, yoyamba ya mwezi umenewo. Kwawo anthu akanatuluka m'nyumba kudzainunkhiza. Iye anatambasula dzanja, nayang'ana timadontho tikugwera pachikhatho, toyera ngati madzi ena alionse. Walira mvula walira matope, koma palibe anamuuzapo kuti mvula ingabwere ndi matope ake m'mimba.

Sanachedwe kumuitana. Wapampando anawerenga ataimirira. Komiti yapeza kuti wantchito anasunga ndi kugwiritsa ntchito feteleza mkati mwa malo otetezedwa, ndipo wavomera yekha. Wakana mwayi wopepesa. Chikhulupiriro chatha. Ntchito itha pakutha pa mwezi, ndipo chipinda chibwezedwe tsiku lomwelo. Za mkazi wake komiti sinanenepo kanthu, apitirize ntchito ngati angapeze kogona kwina.

"Thumba mutha kutenga," anawonjezera wapampando. "Ndi lanu."

"Zikomo, bwana."

Kenson anatulutsa pepala losasainidwa lija, naliika patebulo pamaso pa Madamu, bolopeni pamwamba pake. Anakweza thumba pa wilibala. Maness anaika thireyi pansi, nabwera kudzagwirizira kukamwa kwa thumbalo kuti lisatayike podutsa pachitseko. Sanamuyang'ane mwamuna wake, ndipo iye sanadziwe ngati dzanja limenelo linali lomukhululukira kapena longopulumutsa yuleya wa apongozi.

"Timitengo tili m'chitini, kuseri kwa chitseko cha shedi," anauza Madamu. "Wobwerayo mumuuze kuti asamazike pafupi kwambiri ndi duwa, amalasa muzu. Titsala tambiri, sadzasowa."

Madamu anagwedeza mutu. Bambo wa tayi anali atatenga kale foni yake. Mvula inkalira pamalata, ikutsikira paphiri lonse mofanana, mosasankha phando.

Kenson anakankha wilibala mpaka pakhomo, kenako anaitula, natembenuka.

"Bwana, ndingofunsa kuti ndidziwe. Ine ndiye ndikupita. Chaka chamawa maluwa akadzapanda kuphuka, mudzachotsa ntchito ndani?"